Bedi ya madzi ingandithandize pa sleep apnea kapena ndingotaya ndalama?

WaNkonono46:

Moni nonse muno. Ndakhala ndikungowerenga mwakachetechete koma lero ndati nane ndifunseko, pepani ndilemba zambirimbiri. Ine ndi bambo wa zaka 46, thupi ndi lalikulu ndithu, makilo 108, ndipo nkonono ndinayamba kalekale moti kunyumba inangosanduka nthabwala, ana amanditchula kuti jenereta. Koma chaka chatha madamu anayamba kuchita mantha, akuti ndikamaliza nkonono mwadzidzidzi ndimangoti zii osapuma, iwo nkumawerenga chamumtima mpaka 20 nthawi zina, kenako ndimadzidzimuka ngati munthu amene wavuuka mmadzi nkuyambiranso kuliza. Ine zonsezo sindizimva olo pang'ono, chomwe ndimadziwa nchoti mmawa ndimadzuka mutu ukuwawa, kukamwa kouma gwa, usiku kukataya madzi katatu kanayi, ndiye masana pa miting'i kumangosinza ngati ndinachezera kudansi.

Nde ndinapita kukayezetsa, anandimata mawaya thupi lonse usiku umodzi, zotsatira zake akuti ndili ndi obstructive sleep apnea, vuto loti pakhosi pamatsekeka munthu nkumasiya kupuma ali mtulo, AHI 24, kutanthauza kuti ndimabanika ka 24 pa ola. Anandipatsa CPAP, makina okankhira mpweya pakhosi kudzera mu maski yovala pogona. Tsopano miyezi itatu yakwana koma abale chimaski chija chikundisowetsa mtendere, mpweya umathawira mmbali nkumandiuzira mmaso, ndikatembenuka paipi yandikulunga, ndipo masiku ambiri ndimapezeka ndachivula cha mma 2 koloko osadziwa kuti ndavula nthawi yanji. Vuto lina ndi matiresi, ndikagona chammbali phewa limachita dzanzi komanso msana umandipweteka nde ndimangopezeka ndabwerera chagada.

Sabata yatha ndinagona kwa mnzanga wina amene ali ndi bedi ya madzi, aaa ine kugona kwake kuja sindinakuonepo, kofunda bwino, phewa osamva kanthu. Kuchokera tsiku limenelo mutu wanga uli pomwepo. Amene munaigwiritsapo ntchito tandiuzeni, kodi imathandizadi pa vuto lopumali moti munthu nkusiya CPAP? Nanga yabwino ndi iti poti ndaona kuti ilipo mitundumitundu? Komanso tikukhala nyumba ya lendi chipinda chammwamba, sindidzapezeka ndagwera anthu apansi ndi bedi yomwe kkkk. Madamu akuti bola ndiyambe ndafunsa.

Chigonamadzi:

Akulu takulandirani. Ine ndagonera bedi ya madzi zaka 11 tsopano nde za bediyo ndikuuzani zomwe ndaziona ndi maso, za kupumazo ndisiyira odziwa.

Poyamba dziwani kuti zilipo za mitundu iwiri. Ina ndi ija yachikale imene amati hardside, ndi chibokosi chamatabwa ndiye chithumba cha pulasitiki yolimba chodzadza madzi chimakhala mkati mwakemo. Inayo amati softside, mmbali mwake muli siponji yolimba mmalo mwa matabwa ndipo kunja anaikuta ndi nsalu ya zipi moti munthu wobwera sangadziwe nkomwe kuti muli madzi, imangooneka ngati matiresi wamba ndipo mashiti wamba amakwana. Ine ndinayamba ndi hardside kenako ndinasintha, ndipo kwa inu ndi thupi mwanenalo komanso poti mumadzuka usiku kangapo, ndingakulangizeni softside mosakayika. Hardside kuti utulukemo umachita kudzigubuduza kaye nkukhala pa thabwa lija, limadinda kuseri kwa ntchafu, ndiye taganizani zimenezo 3 koloko usiku chikhodzodzo chadzadza tulo tili mmaso.

Chachiwiri ndi mafunde. Ya free flow mkati mwake ndi madzi okhaokha, ukangodzigwetsapo imayendayenda kwa masekondi angapo, mnzako akatembenuka iwenso wagwedezeka. Anthu ena amaikonda choncho koma kwa munthu amene tulo take ndi todukaduka kale, ayi. Pali za semi waveless ndi za waveless zimene mkati anaikamo zinthu ngati thonje losanjikiza kuti lizigwira madzi, ukatembenuka imangogwedezeka kamodzi basi yakhazikika. Tengani ya waveless, ndipo ngati thumba likulola tengani ya zithumba ziwiri, inu chanu madamu chawo, aliyense ndi hita yake. Izi nzofunika kwambiri ngati mumasiyana kulemera, chifukwa mu chithumba chimodzi wolemera amamira ndiye madzi amathawira kwa wopepuka, iye nkukhala ngati wagona pa chulu nkumagubudukira kwa iwe usiku wonse.

Za kulemera musazitenge mwachibwana. Lita imodzi ya madzi ndi kilo imodzi, masamu ake ndi omwewo. Hardside ya saizi ya queen imamwa malita opitirira 700, ya king imafika cha mma 900, kuonjezerapo matabwa ndi anthu awiri ndiye kuti tani yakwana. Chomwe chimathandiza nchoti kulemerako kumamwazikana pa malo aakulu, king imatenga pafupifupi masikweya mita 4, nde nyumba yomangidwa bwino imapirira. Koma poti ndi ya lendi funsani kaye eni ake ndipo yankho lawo likhale lolembedwa, ambiri amakana osati chifukwa cha kulemera koma kuopa madzi kudontha kwa anthu apansi. Ku California nkhani imeneyi inavuta mpaka anachita kuika lamulo loti mwini nyumba yomangidwa kuyambira 1973 asamakanize munthu wa lendi bedi ya madzi, koma atha kumuuza kuti akhale ndi inshuwalansi. Kumeneko nkumenenso inachokera bedi yamakonoyi, anaipanga ndi Charles Hall mu 1968 ali mwana wasukulu ku San Francisco, ndipo mma 1980 ku America inali mufasho zedi, pafupifupi matiresi imodzi pa asanu aliwonse ogulidwa inali ya madzi. Panopa inazilala, osati kuti ndi yoipa koma anthu anatopa ndi chisamaliro chake ndipo kunabwera matiresi a siponji aja amati memory foam.

Chisamalirocho ndi ichi. Hita iyenera kuyaka nthawi zonse, ine ndimaika pa madigiri 28, nyengo yozizira 30. Musayerekeze kugonera madzi ozizira poganiza kuti mupulumutsa magetsi, amakuyamwani kutentha konse mthupi mudzuka mafupa akuwawa. Nde bilu ya magetsi ikwera, zimenezo vomerezanitu, koma mukamayala bedi mmawa ndi chofunda chochindikala kutentha sikuthawa kwambiri. Mumafunikanso kuthira kabotolo ka mankhwala ake kamodzi kapena kawiri pachaka kuti madzi asachite ndere nkuyamba kununkha komanso kuti pulasitiki isaume nkuyamba kung'aluka. Madziwo simusintha, amakhala omwewo zaka, pokhapokha mukusamuka. Ndipo kusamuka ndi bedi imeneyi ndi ntchito ya tsiku lathunthu, musadzati sindinanene.

SisitaWaUsiku:

Bambo WaNkonono pepani ndikhala ngati ndikukuthirani madzi ozizira, koma ndagwira ntchito ya unamwino zaka zambiri, zina mwa izo mchipinda choyezera tulo chomwecho chimene anakumatani mawaya, nde ndilankhula mosapsatira. Bedi ya madzi sichiza sleep apnea ndipo singalowe mmalo mwa CPAP. Ngati wogulitsa wina wakuuzani zimenezo akungofuna ndalama zanu.

Taonani chimene chimachitika. Mukagona tulo minofu ya pakhosi imalefuka, lilime ndi kanyama kofewa ka kumwamba kwa mkamwa zimagwera kumbuyo nkutseka njira ya mpweya. Chifuwa chimayesetsa kukoka koma palibe chikulowa, okosijeni mmagazi amatsika, ubongo nkukudzutsani pang'ono kuti mutsegule pakhosi, ndiye kudzidzimuka kumene madamu anu amakuona kuja. Kuti tiwerenge kuti apa munthu wasiya kupuma zimayenera kutenga masekondi 10 kapena kuposa. AHI 24 ikutanthauza kuti zimenezi, kuphatikiza nthawi zimene mpweya umangolowa pang'ono, zikukuchitikirani ka 24 pa ola lililonse. Mukagona maola 7 ndiye kuti kopitirira 160 usiku umodzi. Kuyambira 5 mpaka 15 timati ndi yochepa, 15 mpaka 30 yapakati, kuposa 30 yayikulu, nde inu muli pakati koma mwayandikira kumtunda. Tsono funso ndi loti, kodi chimene chili pansi pa msana wanu chingatsegule bwanji pakhosi? CPAP imatsegula chifukwa imakankha mpweya umene umagwira khosilo mkati kuti lisafwafwanizike, ngati mmene chubu chopopa sichiphwatalala. Anaitulukira ndi dokotala wina wa ku Sydney, Colin Sullivan, nkulemba za iyo mu 1981, ndipo mpaka lero ndi imene imagwira ntchito kuposa zonse pa vuto ngati lanuli.

Sindikunyoza bediyo ayi. Ndipotu inayambira kuchipatala komwe, kale mma 1830 dokotala wa ku Scotland Neil Arnott anapanga bedi ya madzi kuti odwala ogona nthawi yaitali asamatuluke zilonda, chifukwa madzi amagawa kulemera kwa thupi mofanana, palibe fupa limene likudinda. Nchifukwa chake phewa lanu linamva bwino kwa mnzanu kuja, sikuti mumalota. Ndiye ngati ingakuthandizeni kukhalitsa chammbali usiku wonse, imeneyo ndi phindu lenileni, chifukwa anthu ambiri a vutoli amabanika kwambiri akagona chagada. Tayang'anani pa lipoti lanu, amalemba AHI ya chagada payokha ndi ya chammbali payokha, mutiuze manambalawo. Chinanso chabwino nchoti pulasitiki ija mumangoipukuta, tizilombo ta mfumbi timene timatseketsa anthu mphuno sitipeza pobisala ngati mu matiresi ya siponji, bola muzichapa nsalu yapamwamba.

Koma palinso mbali yoipa imene anthu saiganizira. Madzi sakwera phiri. Anthu ena a sleep apnea, makamaka amene amavutikanso ndi chilungulira, amathandizika kumutu kwa bedi kukakwezedwa, tinene madigiri 30. Ndi matiresi wamba mutha kugula bedi yopinda ija kapena kuika zinthu pansi pa miyendo yakumutu, koma ya madzi imafuna pamalo pa levulo, mukaipendeketsa madzi onse athawira kumiyendo. Komanso ikakhala yofewa kwambiri kapena madzi achepa, matako amamira, thupi nkupindika ngati muli mu neti, chibwano nkugwera pachifuwa, ndipo kagonedwe kameneko kamapanikiza khosi kuposa kale. Nde mukhoza kugula bedi yokoma kugonapo koma kupuma kukuipiraipira inu osadziwa poti simudzimva.

Za maski ija, zimene mwafotokozazi nzimene pafupifupi aliyense amadandaula miyezi yoyamba ndipo zambiri zimakonzeka. Mpweya kuthawira mmaso nthawi zambiri ndiye kuti saizi si yanu kapena mwamangitsa kwambiri malamba, anthu amaganiza kuti kumangitsa ndiye kutseka pomwe kumangopinda kalabala kaja. Muziivala mutagona kale osati mutakhala tsonga chifukwa nkhope imasintha mukagona. Ngati anakupatsani yophimba mphuno ndi kamwa pemphani muyese ya timapilo tating'ono tolowa pamphuno, ndi imene ogona chammbali ambiri amagwirizana nayo. Paipi muidutsitse kumutu kwa bedi kuti izitsika kuchokera mmwamba, siikukulunganinso. Kukamwa kouma yatsani kathanki ka madzi kaja ka pamakinapo. Ndipo bwererani kwa amene anakupatsani akaone kadi ya mmakinamo, imasunga zonse, maola amene mwavala, mpweya wothawa, AHI ya usiku uliwonse, mwina presha ikufunika kusintha.

Ndikukakamira chonchi chifukwa vutoli likasiyidwa limakweza BP, limasokoneza kagundidwe ka mtima, limaonjezera chiopsezo cha sitiroko ndi shuga. Ndipo kusinza kumene mukuchita pa miting'i kuja tsiku lina kudzakupezani pa chiwongolero. Olo kukodza usiku mwatchulako nthawi zambiri ndi apnea yomweyo, mtima ukapanikizika umatulutsa homoni imene imauza impso kuti zitaye madzi, anthu ambiri akazolowera CPAP amadabwa kuti agona mpaka mmawa osadzuka.

Kadzidzi_77:

kkkkkk jenereta pa bedi ya madzi ndiye kuti sitima yapamadzi yakwana basi. Koma zoona akulu mverani asisitawo, ine maski inanditengera miyezi isanu kuti ndiizolowere, ndinasintha katatu, panopa olo kugona masana sindigona popanda. Mowa wa madzulo ndinasiyanso, ukamwa khosi limalefuka kwambiri ndipo makina amaonetsa mmawa mwake, sanama amene aja.

MakeTadala:

Ine ndilankhulako ngati mkazi wa munthu wa vuto lomweli, mwina madamu anu awerenge nawo. Amuna anga AHI yawo inali 33 ndipo ife tinagula bedi ya madzi ndi maganizo ngati anuwa, kuti mwina akamagona bwino makina aja tiwasiya. Anasiyadi kwa masabata atatu. Iwo mmawa amati ndagona bwino kwabasi, koma ine amene ndimakhala maso ndimamva kuti kubanika kuja kulipobe, mwinanso kuposa, chifukwa bedi ija inali yokoma chagada moti samatembenukanso olo pang'ono, amangoti ndwii ngati chipika pamadzi kukamwa yasa. Tsiku lina ndinawajambula pa foni mphindi zisanu nkuwaonetsa mmawa, anangoti kukamwa pululu, madzulo ake anatulutsa okha makina mu kabati.

Tinayesanso pilo uja wa makona atatu wokweza kuyambira msana mpaka mutu. Pa matiresi wamba amakhala bwinobwino koma pa madzi amamira mbali imene kwalemera nde mmalo mokwera munthu amangopindika, pofika pakati pa usiku pilo ali kwake iwo ali kwawo. Chimene chinatithandiza ndi chinthu chotchipa zedi, ndinasoka kathumba kumsana kwa tisheti yakale nkuikamo mpira wa tenisi, akati atembenukire chagada umawadinda nkubwerera chammbali. Koma dziwani kuti pa bedi yofewa mpirawo umangomira osamveka, ndinachita kuikamo itatu mu sokosi kuti igwire ntchito kkkk. Ndi pilo wautali wokumbatira kutsogolo, mwendo umodzi pamwamba pake, basi panopa amagona chammbali mpaka kucha, maski ili kumaso.

Za kudontha ndikuuzeni zimene zinationekera kuti musachite mantha opitirira kapena kuchepera. Sikuti imaphulika ngati baluni ayi, madzi ake sakhala ndi presha, ndipo pansi pamakhala pulasitiki ina yotchinga imene imagwira madzi akatuluka. Ife inabooka ndi kandolo kanga kamene kanagwera mmbali nkukhala mmenemo kaya masabata angati. Ndinangodzuka usiku wina ndikumva kunyowa pa chiuno, ndinayamba kukayikira bambo a mnyumba mpaka ndinawadzutsa mwaukali, iwo ndi chimaski chawo kumaso akungondiyang'ana osatha kuyankha. Titayatsa getsi nkuchotsa nsalu tinapeza kabowo ngati ka singano, timadzi tikungotuluka kadontho kamodzikamodzi. Tinapukuta, kumata chigamba chake ndi guluu amene amabwera ndi bediyo, kugona pa sofa usiku umenewo, mawa lake zonse bwino ndipo chigambacho chilipo mpaka lero. Amene anationjeza ndi amene anabwera kudzatimangira poyamba, anasiya mpweya wambiri mkati moti sabata yoyamba ukatembenuka imangoti khuvu khuvu ngati mmimba mwa munthu wotsegula, kuwaimbira foni osayankha, mpaka tinaphunzira tokha kuutulutsa.

Chinthu chimodzi chimene sindiseka nacho, ngati muli ndi khanda kapena kukubwera zidzukulu, mwana wakhanda asagone pa bedi ya madzi olo mphindi zochepa, olo inu muli pompo. Nkhope ikamira mu pulasitiki ija sangathe kudzutsa mutu. Mphakanso wathu tinamuletsa kulowa kuchipinda chifukwa cha zikhadabo.

Koma kunena chilungamo bediyo sitinaitaye ndipo sindikufuna kuitaya, msana wa amuna anga unasiya kuvuta ndipo nyengo yozizira kulowa mmabulangete ofunda kale ndi chinthu china chake.

WaNkonono46:

Zikomo kwambiri nonse, sindimayembekezera kuti muyankha mwatsatanetsatane chonchi. Asisita ndapita kukafukula lipoti lija, ndapezadi, chagada alemba 41 ndipo chammbali 9. Ine manambala amenewa sindinawaonepo nkomwe ndinangogwira 24 uja basi. Ndiye ndifunse mwaumbuli, poti chammbali ndi 9 yokha, sindingangogula bediyo nkusoka mipira ya a MakeTadala ija nkuiwala za makina? Madamu awerenga zonse ndipo akuti foni yawo ili kale pa chaji kudikira kundijambula usiku uno, mwandipalamulira mayi inu kkkk. A Chigonamadzi, nanga madzi mumadziwa bwanji kuti akwana, poti asisita akuti ikafewa kwambiri ndi vutonso?

SisitaWaUsiku:

Eya, manambala amenewo ndi nkhani yabwino ndithu, akusonyeza kuti vuto lanu limadalira kwambiri kagonedwe. Koma 9 si 0, ndipo onaninso kuti usiku umenewo munagona chammbali mphindi zingati, chifukwa ngati zinali mphindi 40 zokha ndipo simunafike mu tulo tolota tija ta REM, pamene minofu imalefukiratu, nambala imeneyo ikhoza kukunamizani. Chisankho chosiya makina musapange nokha kuchipinda, pitani nalo lipotilo kwa dokotala wanu mukamuuze zimene mwatiuza ifezi. Njira zina zilipo, pali malamba ndi tizipangizo tonjenjemera tokuletsani kugona chagada, palinso kachipangizo kovala mkamwa kopangidwa ndi dokotala wa mano kamene kamakokera chibwano kutsogolo, kamathandiza anthu ambiri a apnea yochepa ndi yapakati. Koma chilichonse chimene mungasinthe, kuphatikiza bedi, pamafunika kuyezanso kuti tione ngati chikugwiradi, osangodalira kuti ndadzuka bwino, mwamva nokha za amuna a MakeTadala.

Ndipo poti muli ndi makina kale muli ndi mwayi, muziyesera pomwepo. Lembani AHI ndi mpweya wothawa zimene makina akuonetsa kwa masabata awiri pa matiresi muli nayoyi, mukasintha bedi mulembenso masabata awiri, muona nokha kusiyana. Makinawo muziika pansi pang'ono kuposa mutu wanu kuti madzi a mu paipi asamatsikire kumaso, komanso patali ndi pamene mumathirira madzi mu bedi. Za makilo 108 zija sindinaziiwale ayi, kafukufuku wa ku Wisconsin wa mu 2000 anapeza kuti munthu akatsitsa 10 peresenti ya kulemera kwake AHI imatsika ndi pafupifupi kota, kwa inu ndi makilo 11 amenewo.

Chigonamadzi:

Madzi kukwana kwake mumayeza ndi thupi lanu lomwe akulu. Pa hardside anthu amagoneka ndodo ya tsache mopingasa pakona, chithumba chikangoyamba kuikhudza ndodoyo mwatseka mpopi. Pa softside tsatirani kaye mlingo umene alemba, kenako gonani chammbali mmene mumagoneramo ndi pilo wanu weniweni, madamu aime kumbuyo akuyang'aneni msana. Ukhale wowongoka kuchokera pakhosi mpaka mchiuno. Chiuno chikamira kwambiri kapena mukamva kuti mwagunda pansi potembenuka, onjezerani. Mukaona kuti mwakhala pamwamba ngati pa chubu chopopa ndipo phewa silikulowa, chotsani. Muzisintha pang'onopang'ono, malita 5 kapena 10 basi, nkugonapo masiku awiri atatu musanasinthenso, ine zinanditengera pafupifupi mwezi kuti ndipeze mlingo wanga. Pilo mwina mufunika wocheperako kuposa amene muli naye chifukwa phewa likalowa mmadzi mpata wa pakati pa khutu ndi bedi umachepa, wamkulu akupindani khosi. Pogula funsaninso za yokhala ndi zolimbitsa pachiuno, kwa anthu athupi ngati ife zimathandiza.

Tsiku lothira madzi, hita ikhale pansi pa pulasitiki yotchinga ija ndipo musaiyatse bedi ilibe madzi, ipsereza chithumba, chimodzimodzi pokhuthula muyambe mwaizula ku soketi. Onetsetsani kuti bedi ili pamalo amene mukuifuna ndipo chithumba chakhala pakati makona onse alingana musanatsegule mpopi, ikadzadza simuisunthanso olo mutaitana anyamata anayi. Mukathira ozizira imatenga tsiku limodzi kapena awiri kuti ifunde nde matiresi yakaleyo musathamangire kuipereka, ndipotu ine ndingati isungeni mwezi wathunthu. Mpweya mumautulutsa potsegula kachitseko nkumaukankhira komweko ndi ndodo yomwe ija pang'onopang'ono, mubwerezenso pakatha masiku angapo chifukwa madzi atsopano amatulutsabe thovu. Magetsi akazima usiku umodzi musade nkhawa ndi bedi, madzi ochuluka choncho amazizira mochedwa, amene angakuvuteni ndi makina anuwo ngati mulibe batire.

Koma musanalipire kalikonse, mnzanu uja mupempheni mukagonenso kwake masiku awiri atatu, ulendo uno munyamule CPAP yanu, mudzatiuze zimene makina aonetse.

WaNkonono46:

Ndamuimbira, akuti ndibwere Lachisanu bola ndisabwere ndi jenereta. Eni nyumba sanayankhebe meseji yanga. Vidiyo ija madamu ajambuladi, ndaionera theka ndazimitsa.